Tsiku Limene Pokuaa Anakana Kudina

MUTU 6

1. Kabokosi kochokera kutali

Maliro a kwathu kuno ku Kumasi sathamangiridwa. Munthu wamkulu akatisiya, thupi lake limayembekezera m'nyumba ya chisoni kufikira abale atamvana za tsiku, nsalu yolirira itasankhidwa, ndipo ana a kutali atapeza njira yobwerera. Ndi mmene zinakhalira ndi a Opanin Boakye, mlimi wa koko, amene anali agogo ake a Pokuaa. Anatsikira kulichete mvula ikuyamba, koma tsiku lowaperekeza linagwa pa Loweruka lina dzinja litatha.

Lachinayi la sabata imeneyo, bwalo la nyumba ya banja ku Bantama linali litadzaza kale. Amayi ovala zofiira ndi zakuda ankasenda chinangwa ndi nthochi za fufu, chakudya chosinja mumtondo, anyamata ankatsitsa mipando m'galimoto, ndipo aliyense wolowa pachipata ankayamba wagwira anthu chanza kuyambira kumanja.

M'mawa umenewo kunafika kaphukusi kochokera ku Toronto, kotumizidwa ndi Oteng, msuweni wake wa Pokuaa. M'kati mwake munali hadidilaivu, kabokosi kakuda kosaposa chikhatho, kokhala ndi chingwe chake chachifupi.

Aliyense ankadziwa chimene chinali m'kabokosimo. Chaka cham'mbuyo mwake, Oteng atabwera kutchuthi, anakhala ndi agogo ake kumunda tsiku lathunthu akuwajambula kanema. Gogoyo anatchula mayina a makolo, anaimba nyimbo zoswera koko, nasekanso mpaka kutsokomola. Pasanapite nthawi anagwidwa ndi matenda ofa ziwalo amene anawatseka pakamwa, ndipo sanalankhulenso kufikira imfa.

Laputopu ya Oteng, mmene kanemayo anali poyamba, inabedwa m'sitima kunjako. Motero mawu a gogoyo anatsala malo amodzi okha padziko lonse: m'kabokosi kakudako. Oteng mwini wake sakanatha kubwera, popeza mapepala ake oyendera anali asanatuluke.

A Adomako, malume ake a Pokuaa, amenenso anali bambo ake a Oteng, anakweza kabokosiko m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Loweruka bambo adzalankhula okha pamaliro awo," iwo analengeza. "Ndabwereka kale makina oonetsera pakhoma pamodzi ndi laputopu ya kutchalitchi. Ndipo sitikusowa mlendo wotithandiza, katswiri tili naye m'nyumba muno. Pokuaa, mwana wa mlongo wanga, suja unalandira mphoto ya makompyuta kusukulu?"

"Ndinalandira, malume," anayankha Pokuaa, mtsikana wa Fomu 2, nkhope ikuwala. "Imeneyi ndi ntchito ya kamphindi. Fufu asanasinjidwe mukhala mutaonera."

Anthu anaseka mokondwa. Koma amayi ake, a Maame Achiaa, ogulitsa nsalu kumsika wa Kejetia, anamukodola n'kupita naye kumpopi, kumene kunalibe makutu ambiri.

"Mwana wanga," anatero amayiwo, "ine za makompyuta sindizidziwa, koma nsalu ndimaidziwa. Pamsika pamabwera munthu n'kundifunsa ngati nsalu yakutiyakuti imasuluka ikachapidwa. Ndikakhala kuti sindikudziwa, lilime limafuna kunena kuti siisuluka, chifukwa mawu akuti 'sindikudziwa' amawawa kuwatchula anthu akuyang'ana. Koma wogulitsa amene amawameza mawu amenewo amagulitsa tsiku limodzi, mawa lake anthu n'kumamulambalala. Tsono tamvera. Nsalu ya m'sitolo ukaiwononga, umakaitanitsa ina kufakitale. Chimene chili m'manja mwakomo chilibe fakitale. Mwini wake ali gone m'nyumba ya chisoni. Tsiku limene Oteng ankajambula ine ndinali ku Tamale ndi malonda, ndipo pobwera ndinapeza bambo atatsekeka kale pakamwa. Mawu awo omaliza ine sindinawamve. Choncho ukafika pamene sukuona bwino, ima. Anthu akaseka, aseke. Kuseka sikuboola khungu."

"Ndamva, amayi," anatero Pokuaa. Komabe miyendo yake inali italoza kale kumene kunali laputopu.

2. Funso la pagalasi

Anaika laputopu ya kutchalitchi ija patebulo la pakhonde. Asanakhale n'komwe, pambali pake panali pataima Gyamfi, mnzake wa m'kalasi wa nyumba yoyandikana nayo, amene nayenso sanapite kusukulu tsikulo chifukwa cha maliro. Mkulu wake wa Gyamfi ankakonza mafoni ku Adum, ndipo chifukwa cha chimenechi Gyamfi ankadziyesa sing'anga wa makina onse.

Pokuaa analumikiza chingwe. Kabokosi kanang'ung'udza pang'ono, kanyali kake n'kuyaka. Koma m'malo mwa nkhope ya agogo, pagalasi panatuluka uthenga wa m'Chingerezi. Kompyuta inati singathe kugwiritsa ntchito kabokosiko pokhapokha katachitidwa fomati, ndipo inafunsa ngati ichite zimenezo tsopano. Pansi pake panali malo awiri odina, ovomera ndi okana.

"Zimenezi basi?" anatero Gyamfi. "Dina povomerapo. Ikungofuna fomati."

"Ukudziwa bwanji?"

"Iwe, kwathu timadya za fomati. Foni ikamazengereza, mkulu wanga amaipatsa fomati. Ikamatentha, fomati. Ikamadziimbira yokha m'thumba, fomati. Palibe nthenda imene imakana."

"Anthu akanakhala kuti amachitidwa fomati, aphunzitsi a masamu akanayamba ndi mutu wakowo."

"Nyoza, koma dina."

Pokuaa sanadine. Anazula chingwe n'kuchilowetsa pabowo lina. Funso linabweranso lomwelo. Anazimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Funso linamudikira pamalo pomwepo, ngati mlonda wa pachipata.

Kuseri kwa nyumba minsi inali itasiya kulira. A Adomako anatulukira pakhonde ali ndi akuluakulu awiri a banja, ndipo amayi angapo anawatsatira akupukuta manja m'nsalu.

"Katswiri, fufu uja asinja kale," anatero a Adomako. "Tafika pati?"

Gyamfi anawerama n'kunong'ona: "Dina, anthu akukuyang'ana. Ukufuna amayi awa akupekere nyimbo?"

Chala cha Pokuaa chinasendeza kamuvi mpaka kufika povomera paja. Chinaima pamenepo.

"Gyamfi, foni imene mkulu wako waipatsa fomati imatuluka yotani?"

"Yatsopano. Ngati khanda lobadwa lero."

"Nanga khanda lobadwa lero limadziwa ndani?"

Gyamfi anati, "Imeneyo ndi foni. Kabokosi n'kosiyana. Apa n'kungodziwitsana chabe, kompyuta ndi kabokosi, ngati moni."

"Unaonapo ndi maso ako?"

"Ndimadziwa basi."

Pokuaa anasuntha kamuvi kaja n'kudina pokana. Anazula chingwe, nakulunga kabokosi m'mpango wake. Kenaka anaimirira, manja kumbuyo, monga mwana amaimira pamaso pa malume ake.

"Malume, sindikudziwa. Kompyuta ikundifunsa funso limene sindikulimvetsa, ndipo ndikuopa kuti ndikayankha molakwa, agogo afufutika."

Kenaka mayi wina wa kumbuyo anati, "Kodi mphoto ija anamupatsa chifukwa chopukuta fumbi pamakompyuta?" Phwete linabuka.

A Adomako sanaseke. "Ine ndauza kale abusa, ndauza a kuchimuna ndi a kuchikazi. Iwe ukufuna kundiveka nsanza pamaso pa Bantama yense?"

"Iyayi, malume. Ndikupempha kuti mundilole ndipite ku Asafo, kwa a Maame Frimpomaa, amene akusindikiza timabuku ta mwambo wa maliro. Tsiku lija munandituma kukapereka zithunzi ndinaona kuti ali ndi makompyuta a mitundu iwiri."

A Adomako anayang'ana mlongo wawo. A Maame Achiaa anangogwedeza mutu pang'ono.

"Pita," anatero malumewo. "Ine ndi mayi ako tikupeza komweko dzuwa likapendeka, potenga timabukuto. Koma zikakanika, Loweruka udzaima wekha pabwalo n'kuimba nyimbo za koko m'malo mwa agogo ako."

3. Zilankhulo za makina

Pokuaa ndi Gyamfi anakwera trotro, minibasi ya kuno, mpaka ku Asafo, laputopu ili pamiyendo, kabokosi kali pachifuwa. Nyumba yosindikizira ya a Maame Frimpomaa inkanunkhira inki ndi guluu, ndipo m'makoma mwake munali nkhope za anthu omwalira, onse akumwetulira.

Mwini nyumbayo anali mayi wa imvi, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Anayamba ntchito yosindikiza kale, zilembo zikadasanjidwa ndi manja chimodzichimodzi, ndipo makina aliwonse atsopano amene anabwera pambuyo pake anawaphunzira popanda kudandaula. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Unadina povomera?" anafunsa pomaliza.

"Sindinadine, Maame."

"Ndiye khala pansi. Amene anadina ndimalankhula nawo ataimirira. Msuweni wakoyo ankagwiritsa ntchito kompyuta yotani?"

"Yopyapyala, yotuwa, yokhala ndi chipatso cholumidwa pachivindikiro."

"Imeneyo ndi Maki. Ya kutchalitchi kwanuyi ndi ya Windozi. Tsono mvetserani nonse awiri, chifukwa ine sindibwereza ngati wailesi.

"Kabokosi aka kali ngati nkhokwe. Kompyuta ikamaikamo katundu, imalemba m'chilankhulo chake pamene yaika chilichonse. Maki ili ndi kalembedwe kake, Windozi ili ndi kake. Iwe wodziwa Chitwi chokha, akakulankhula munthu wa kumpoto m'Chidagbani, sumva kanthu. Koma sindiye kuti munthuyo sakunena kanthu. Windozi yasuzumira m'nkhokwe ya Oteng, yapeza kalembedwe kachilendo, ndiye yati, 'Muno sindikuonamo kanthu. Kodi ndisese, ndiyale mashelefu anga?' Fomati ndi imeneyo, ana inu: kusesa nkhokwe. Kompyuta sinalakwe, inafunsa mwaulemu. Woyankha ndiye amene amalakwa. Ine pakhomo pano ndaona akwati akulira chifukwa cha kanema wa ukwati wawo, ndaona ndi wophunzira wa kuyunivesite atagona pansi apo chifukwa cha ntchito ya chaka chonse. Onsewo anayankha funso limene sanalimve, poopa kuoneka mbuli. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma masiku ano safunsa amadyetsanso phula abale ake onse."

Atatero anatenga kabokosi kaja n'kukalumikiza ku Maki yawo yokonzera zithunzi. Nthawi yomweyo pagalasi panaoneka fayilo imodzi yaikulu, yolembedwa dzina la a Boakye.

Pokuaa anagwira pakamwa. "Alimo."

"Alimo, ndipo ndi olemera," anatero a Maame Frimpomaa. "Magigabayiti makumi atatu. Mnyamata uja sanasiye ngakhale chitsokomolo. Koma Maki yangayi sindingakubwerekeni, ili ndi maliro a anthu ena oti iwathandize. Tiyenera kuwasamutsira agogo ako pa chinthu chimene Windozi ingawerenge."

Gyamfi anatulutsa fulashi m'thumba monyadira. "Iyi ndi yaikulu, Maame. Malo otsala ndi ochuluka kuposa pamenepo."

"Yesa," anatero mayiwo, akumwetulira chamumtima.

Pokuaa anakoka fayilo ija kupita nayo pafulashi. Kompyuta inakana, niti fayiloyo ndi yaikulu kwambiri.

"Ikunama," anatero Gyamfi. "Malo alipo, taonani apa."

"Malo alipodi," anayankha a Maame Frimpomaa, "koma khomo ndi lopapatiza. Fulashi yakoyi inakonzedwa m'kalembedwe kakale kotchedwa FAT32. Makompyuta onse amakamva, koma sikalola fayilo imodzi yoposa magigabayiti anayi. Nyumba ingakhale yaikulu ngati tchalitchi, kabati sangalowere pawindo. Tikufuna kalembedwe kena kotchedwa exFAT. Kameneko kali ngati Chihausa cha amalonda a kudera la Zongo: wa kumpoto amachimva, wa kumwera amachimva, ndipo malonda amayenda. Maki imakawerenga, Windozi imakawerenga, ndipo khomo lake ndi lotakasuka."

"Nanga fulashi timaisintha bwanji kuti ikhale ya kalembedwe kameneko?" anafunsa Pokuaa.

"Timaichita fomati."

Gyamfi anadumpha pampando. "Mwamva? Ndinanena ine kuti mankhwala ake ndi fomati."

"Mankhwala ndi omwewo, mdzukulu wanga, koma wodwala ndi wina. Iwe umafuna kumwetsa munthu wabwinobwino. Ndipo popeza fulashi ndi yako, tandiuza: muli chiyani?"

"Nyimbo zanga. Ndi zigoli za mpira."

"Zonsezo zisesedwa."

Nkhope ya Gyamfi inagwa. Mayiwo anamulola kuti ayambe wakopera nyimbo zakezo pakompyuta yawo, ndipo iye anachita zimenezo mosamala ngati wonyamula mazira.

Pokuaa atafuna kuyamba fomati ya fulashi, a Maame Frimpomaa anamugwira dzanja.

"Taima. Pagalasipo pali mayina awiri, la fulashi ndi la kabokosi ka agogo ako, ogundizana ngati mapasa. Diso likaphethira, chala chikaterereka, wasesa nkhokwe yolakwika, ndipo kompyuta sidzakufunsa kuti unali kuganiza chiyani. Pakhomo pano lamulo langa ndi ili: posesa, pamakina pazikhala chinthu chimodzi chokha, chimene chikusesedwacho. Mayi akafuna kupopera mankhwala a nsikidzi m'chipinda, sanena kuti, 'Ndisamala, sindimupopera mwana.' Amayamba watulutsa mwanayo panja. Usadalire kusamala kwako pamene ungathe kuchotseratu ngozi. Anthu ochenjera ndi amene amagwa m'dzenje limeneli, chifukwa opusa amaopa, pamene ochenjera amati manja awo salakwa."

Pokuaa anauza kompyuta kuti itulutse kabokosi, nadikira mpaka kanyali katazima, kenaka anazula chingwe n'kuika kabokosiko pashelefu yakutali. Atatero anasankha exFAT, nawerenga dzina la fulashi mokweza kuti onse amve, n'kudina. Ntchitoyo inatha asanapume kawiri.

"Msanga chonchi?" anadabwa.

"Kuwononga sikuchedwa," anatero mayiwo. "Chochedwa ndi chimene chikubwerachi."

4. Maso a nkhono

Analumikizanso kabokosi kaja. Pokuaa asanagwire fayilo, a Maame Frimpomaa anawonjezera chenjezo lina.

"Kopera, usasamutse. Wosamutsa amazula mbewu kuno kuti akaibzale uko, ndipo magetsi akathima ali pakati pa njira, angathe kutsala wopanda kuno, wopanda uko. Wokopera amasiya mtengo uli chilili, n'kungotengako nthambi. Kabokosi ka Oteng sitikachotsa kanthu, sitikawonjezera kanthu. Tikangokawerenga basi."

Pokuaa anakopera. Pagalasi panatuluka kamzere kamene kanayamba kudzaza pang'onopang'ono, mochedwa kwambiri kotero kuti munthu akanalumbira kuti kaima.

"Kodi sitingakafulumizitse?" anafunsa.

"Ungathe kukaimbira nyimbo, koma sikamva. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu ana a masiku ano nkhono mumangoidziwira mumsuzi."

Mayiwo anatuma wantchito wawo kukagula waakye, mpunga wophika ndi nyemba, pamsewu, ndipo anadya atakhala pamitolo ya mapepala. Pokuaa anadya akuyang'ana kamzere kaja. Pofuna kuti manja asagwire zosayenera, anathandiza kupinda timabuku ta maliro, nkhope ya agogo ake ikudutsa m'zala zake kambirimbiri. Gyamfi, amene masiku onse ankatsiriza chakudya anzake asanasambe m'manja, anangotosatosa mpunga wake n'kuusiya.

"Wadwala?" anamufunsa Pokuaa. "Kapena ukulira zigoli zako? Zilipo, sizinafe."

"Ndakhuta," anayankha Gyamfi, osamuyang'ana.

Mthunzi wa nyumba ya kutsidya kwa msewu utafika pakhomo, kamzere kanadzaza. Pokuaa anatambasula dzanja kuti azule fulashi, koma anadzigwira yekha asanauzidwe. Anayamba wauza kompyuta kuti iitulutse, nadikira chilolezo, kenaka n'kuzula.

"Tsopano tatha," anatero.

"Sitinathe. Telala sanena kuti diresi latha mwini wake asanaliyese. Yatsa ya kutchalitchiyo."

Pokuaa anayatsa laputopu ya Windozi n'kulowetsa fulashi. Funso lija silinabwere. Fayilo inaoneka, dzina lake lomwelo, kukula kwake komweko. A Maame Frimpomaa anamuuza kuti aone poyambira, alumphire pakati, aonenso kumapeto, chifukwa fayilo yoduka njira imatha kuyamba bwino n'kukafera kutsogolo. Paliponse pamene anadina, agogo ake analipo, atakhala pachitsa pansi pa mitengo ya koko, chikwanje chili pamwendo.

5. Malo awiri

Ali mkati moyesa choncho, a Adomako ndi a Maame Achiaa analowa. Malumewo anayamba kulankhula ali pakhomo.

"Maame, tabwera kudzatenga timabuku, ndiponso kudzamva ngati woimba wathu wa Loweruka wakonzekera..."

Sanamalize. M'laputopu munatuluka mawu okalamba, osasa pang'ono, akuuza Oteng kuti asendeze makina akewo chifukwa akuwatchingira mphepo.

A Maame Achiaa anakhala pansi pamtolo wa mapepala osayang'ana pamene akukhala. Pagalasi, bambo awo anatola chipatso cha koko, nachimenya ndi chibonga, n'kuyamba nyimbo. Anaimba mzere woyamba okha. Pa mzere wachiwiri, mwana wawo wamkazi anawayankha ali m'nyumba yosindikizira ku Asafo, misozi ikutsikira pansalu yake yakuda. Makina osindikiza anazimitsidwa popanda wolamula.

A Adomako anatulutsa mpango n'kunamizira kupukuta thukuta. Nyimbo itatha anatsokomola, nati, "Ine ndinadziwa kuyambira m'mawa kuti mwanayu akwanitsa."

"Munadziwadi, achimwene," anatero a Maame Achiaa. "Bantama yense anakumvani mukudziwa."

A Maame Frimpomaa anaseka, natenga kabokosi kakuda kaja n'kukapereka m'manja mwa mayiwo. "Aka mukasunge m'sutikesi, pansi pa nsalu zanu zabwino. Kumaliro kupite fulashi. Mwana wanuyu ndamuphunzitsa zambiri lero, koma chachikulu anabwera nacho yekha: anadziwa poima."

Pamenepo Gyamfi, amene anali ataima pakona nthawi yonseyi, anasendera pafupi. Mawu ake anali aang'ono.

"Maame, munthu akakhala kuti anadina kale povomera, zimatheka kubweza?"

Mayiwo anavula magalasi. "Munthu wake ndani?"

"Dzulo kusukulu aphunzitsi a zojambulajambula anandipatsa kabokosi kawo kuti ndikalumikize kukompyuta ya m'laibulale. Muli zithunzi za ntchito zonse za a Fomu 3, zimene akatumize kwa a bungwe la mayeso. Funso lomwe lija linabwera. Ndinadina, belu n'kulira, ndiye ndinazula n'kukawabwezera. Ndimayesa ndawathandiza."

"Iwe Gyamfi," anatero Pokuaa motsitsa mawu.

"Chichitireni zimenezo, pali amene waikamo kanthu kena?" anafunsa a Maame Frimpomaa.

"Sindikudziwa, Maame."

"Lero mawu amenewo ayamba kumera ku Bantama. Tamvera. Fomati yofulumira ngati imeneyo kawirikawiri imafufuta kalozera chabe, katundu n'kutsala m'nkhokwe wopanda dzina. Ngati palibe chatsopano chimene chalembedwa pamwamba pake, pali njira zoyesera kumutola, ngakhale sindikulonjeza kuti atoleka yense. Koma chilichonse chatsopano chikalowamo chimapondereza chakale, ndipo chopondedwa sichidzuka. Aphunzitsiwo akagwiritsanso ntchito liti?"

Gyamfi anayankha, "Anati lero akaweruka aikamo zithunzi za masewera a sukulu."

A Adomako anatulutsa foni, Gyamfi anatchula nambala, koma foni ya aphunzitsiwo inali yozimitsa.

Pokuaa anayang'ana amayi ake. Kunyumba kunali ntchito yomudikira: mbale za alendo, madzi, ndi chipinda choti chikonzedwe thupi lisanafike mawa.

"Pita naye," anatero a Maame Achiaa, atafumbata kabokosi kudzanja lina, fulashi kudzanja lina. "Akapita yekha akafika pachipata n'kubwerera. Mbale zidikira. Agogo ako tsopano tili nawo malo awiri. Ana a eni ake a Fomu 3 aja alibe ngakhale amodzi."

Ana awiriwo anatuluka akuthamanga. Pamsewu, trotro yopita kumbali ya sukulu inali itayamba kale kuyenda, kondakitala atalendewera pakhomo. Pokuaa anakweza dzanja n'kuikuwira, ndipo Gyamfi, akupuma mwawefuwefu pambuyo pake, anafunsa:

"Tikawapeza, uyambe ndiwe kulankhula?"

"Iyayi," anatero Pokuaa, akumukankhira m'galimoto. "Uyamba ndiwe. Ine ndikaima pambali pako."